Tizinkhwe Tiwiri ta M'maluwa a Bulugamu

[KANYIMBO KOTSEGULIRA, KENAKO KATSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: Lero tikamba za mbalame zakutali, za ku Australia, koma tiyambira pa mtengo umene nonse mumaudziwa, wa bulugamu.

Bulugamu kuno tinauzolowera kwambiri moti ambiri timautenga ngati mtengo wamakolo athu. Timaudzala m'malire a minda ndi kuseri kwa sukulu, timadulako mitengo yofolera nyumba, timaotha nkhuni zake. Koma kwawo kwa bulugamu ndi ku Australia ndi zilumba zoyandikana nako, ndipo kumeneko iliko mitundu yoposa 700. Ina ndi zitsamba zazifupi za kumalo ouma, ina ndi zimitengo zimene kuti muone nsonga yake mpaka chipewa chigwe. Kumeneko bulugamu ndiye nkhalango imene, ndipo zilipo zamoyo zambiri zimene moyo wawo wonse unamangika pa mtengo umenewu.

Tsiku lina bulugamu wa pakhomo panu akadzachita maluwa, mudzathyoleko kanthambi n'kuyang'anitsitsa. Duwa lake lilibe masamba okongola aja timawaona pa maluwa ena. Lisanamasule limakhala kambulu kovindikiridwa ndi kachipewa. Kachipewako kakagwa, pamatuluka timaulusi tambirimbiri toyera, tachikasu kapena tofiira, ndipo kunsonga kwa kaulusi kalikonse kumakhala mungu. Pakati pa timaulusito pali kachikho, ndipo m'kachikhomo ndi mmene mumadzadza timadzi totsekemera tija timaitana njuchi. Mungu ndi timadzi timeneti ndiye nsima ndi ndiwo za mbalame zathu za lero.

Mbalamezi ndi za m'banja la zinkhwe. Chinkhwe chimene ambiri timachidziwa chili ndi mlomo wokhota, wolimba, woswera njere ndi nthangala za zipatso. Koma kum'mawa kwa Indonesia, ku New Guinea, ku Australia ndi kuzilumba za m'nyanja ya Pacific kuli gulu la zinkhwe limene linatembenukira ku maluwa. Kumeneko amazitcha lory kapena lorikeet, ndipo mitundu yake ndi yoposa 50. Mlomo wake ndi wokhota ndithu monga wa chinkhwe chilichonse, koma chinsinsi chili palilime. Kunsonga kwa lilime kuli timinofu tating'onoting'ono tothithikana ngati nsonga ya mswachi. Mbalame ikatseka pakamwa timinofuto timagona, koma ikatulutsa lilime n'kulilowetsa m'duwa timaimirira n'kutambasuka, ndiye timanyowa ndi timadzi tija n'kukokolola mungu. Imagwira duwa ndi mlomo, lilime n'kumazungulira m'kachikho mofulumira kwambiri, ndipo musanaphethire kawiri yadumphira kale pa duwa lina.

M'mimba namo zinthu zinasintha. Amene anaphapo nkhuku amadziwa kulimba kwa nthutumba, minofu ija imapera chimanga. Zinkhwe zodya maluwa nthutumba yake ndi yofewa, yopanda mphamvu yopera njere zolimba, ndipo matumbo ake ndi aafupi. Chakudya chimadutsa mwamsanga, zitosi zake zimakhala zamadzimadzi. Choncho mbalame yotere singasunge chakudya m'thupi kwa nthawi yaitali. Iyenera kudya kawirikawiri tsiku lonse, ndipo tsiku lililonse iyenera kupeza mtengo umene uli ndi maluwa. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yonse ya lero yatsamira pamenepo.

Pagulu lalikululi tasankhapo timbalame tiwiri, timene akatswiri anatiika m'kagulu kamodzi kotchedwa Parvipsitta. Tonse tiwiri timapezeka ku Australia kokha. Tonse n'tobiriwira, ndipo kutalika kwake kuchokera kumlomo kufika kunsonga kwa mchira ndi masentimita pafupifupi 15, theka la rula ija ya masentimita 30 imene mwana wasukulu amanyamula. Kulemera kwake n'kwa magalamu 40 kapena kuposerako pang'ono.

Koyamba ndi Parvipsitta pusilla, kamene Azungu a kumeneko amakatcha little lorikeet. Ife tikatchule kuti kachinkhwe kofiira kumaso, pakuti ndi mmene kalili. Thupi lonse ndi lobiriwira, kumimba kowalirapo chachikasu, kukhosi chakumbuyo kotuwira ngati khofi, koma pamphumi, m'masaya ndi pakhosi pozungulira mlomo ndi pofiira kuti psuu. Mlomo wake ndi wakuda. Kamakhala kum'mawa kwa dzikolo, kuyambira cha ku Cairns kumpoto kwa Queensland, kutsika ndi New South Wales, kudutsa Victoria, mpaka kum'mwera chakum'mawa kwa South Australia.

Kachiwiri ndi Parvipsitta porphyrocephala, purple-crowned lorikeet, kamene tikatche kachinkhwe ka chipewa cha pepo. Aka ndiye kokongoletsedwa kwambiri. Pamwamba pamutu pali banga la pepo wakuda, pamphumi ndi pamakutu pali mtundu wa olenji wopita kuchikasu, pakati pa diso ndi mlomo pali kofiira, ndipo pakhosi, pachifuwa ndi pamimba ndi pabuluu wotumbuluka. Kakatambasula mapiko, kunsi kwake kumaoneka kofiira kwambiri. Kwawo ndi kum'mwera kwa dzikolo: kum'mwera chakumadzulo kwa Western Australia, kum'mwera kwa South Australia kuphatikizapo chilumba cha Kangaroo Island, ndi kumadzulo kwa Victoria. Kumadzulo kwa Victoria ndi kumalire a South Australia ndi kumene tiwiriti timakumana, ndipo nthawi zina timadyera mumtengo umodzi.

Mwina mukuganiza kuti mbalame ya nthenga zowala chonchi imaonekera patali. Ayi ndithu. Timbalameti timadyera kunsonga kwenikweni kwa mitengo, ndipo kubiriwira kwake kumasakanikirana ndi masamba. Anthu oyang'ana mbalame amatidziwira kulira kwake, kakulira kakuthwa, kakafupi, kongoti zit, zit. Amatidziwiranso ku tizidutswa ta maluwa togwa pansi pamtengo pamene m'mwambamo muli phwando. Tikanyamuka timauluka molunjika ndi mwaliwiro, kagulu ka tisanu kapena khumi kungoti vuu, basi tapita. Pakudya sitikhazikika. Timakwawa m'nthambi, timalendewera chadodolido, mutu pansi miyendo m'mwamba, kuti tifikire duwa la kunsonga.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za tizinkhwe tiwiri ta ku Australia todya maluwa a bulugamu. Tinene pang'ono za mmene tinapezera dzina limene tili nalo lero, chifukwa ana asukulu ambiri amaganiza kuti maina a sayansi anagwa kuchokera kumwamba ndipo sasintha.

Aaborijini, eni nthaka a ku Australia, anatidziwa timbalameti kalekale ndipo anali ndi maina ake m'zinenero zawo. Kum'mwera chakumadzulo, tauni ya Cowaramup imanenedwa kuti inatengera dzina lake ku dzina limene anthu a mtundu wa Noongar ankatchulira kachinkhwe ka chipewa cha pepo. M'mabuku a Azungu, kofiira kumaso kanalowa m'chaka cha 1790, patangopita zaka ziwiri Angerezi atayamba kukhazikika ku Sydney. Anakalongosola ndi George Shaw, m'buku la ulendo la dokotala John White. Kachiwiriko dzina lake la sayansi linaperekedwa ndi Lionel Dietrichsen m'chaka cha 1837.

Kwa zaka zambirimbiri tiwiriti tinkawerengedwa pamodzi ndi chinkhwe china chobiriwira, chokulirapo, cha masentimita 22, chotchedwa musk lorikeet, ndipo zitatuzi zinali m'kagulu ka Glossopsitta. Kuziona ndi maso, munthu sakanatsutsa. Zonse n'zobiriwira, zonse zili ndi kofiira kumutu, zimadyera limodzi, zimaulukira limodzi. Koma m'chaka cha 2015 akatswiri motsogozedwa ndi Manuel Schweizer, pamodzi ndi Leo Joseph wa ku bungwe la kafukufuku la CSIRO ku Canberra, anayeza DNA ya zinkhwe zodya maluwa. Anapeza kuti chokulirapo chija ubale wake wapafupi uli ku zinkhwe zazikulu za mawangamawanga za kagulu ka Trichoglossus, pamene tiwiri tating'onoti mbale wake weniweni ndi kachinkhwe kena ka kumpoto kwa Australia, varied lorikeet. Choncho anatichotsa n'kutibwezera dzina limene Gregory Mathews anali atapereka kale m'chaka cha 1916, la Parvipsitta. Kafukufuku yemweyo anasonyezanso kuti makolo a zinkhwe zonse zodya maluwa anachokera ku New Guinea, n'kumafalikira kuzilumba ndi ku Australia pang'onopang'ono.

Za maina tilekeze pomwepa. Chimene ndikufuna tikhalepo nthawi ndi moyo wa timbalameti, chifukwa moyo wake uli ndi mbali ziwiri zokokerana kosiyana.

Mbali yoyamba ndi yoyendayenda. Bulugamu wa m'tchire sachita maluwa mofanana chaka ndi chaka. Mtundu wina umamasula m'chisanu, wina m'chilimwe. Chaka chimene mvula yagwa bwino nkhalango yonse ikhoza kuyera ndi maluwa kuti mbuu, chaka chotsatira osaoneka ndi duwa limodzi. Mtengo wa karri wa kum'mwera chakumadzulo, umene ndi umodzi mwa mitengo yaitali kwambiri padziko, wotha kupitirira mamita 80, umachita maluwa ochuluka kamodzi pa zaka zingapo. Ukatero tizinkhwe ta chipewa cha pepo timafika tambirimbiri, nkhalango yonse phokoso lokhalokha. Maluwa akatha timabalalika, tina kulowera ku mitengo yaifupi ya kumalo ouma imene kumeneko amaitcha mallee, tina mpaka m'misewu ya m'matauni kumene anthu anadzala bulugamu wokongoletsa. Kofiira kumaso nako kamatero. Kamatsata maluwa a bulugamu wa white box ndi yellow box, kamadyanso maluwa a mitengo ya Melaleuca ya m'madambo ndi a zomera zija zimamera panthambi za mitengo ina.

M'nkhalango ya karri momwemo ndi mmene akatswiri awiri, Churchill ndi Christensen, anaonetsetsa kadyedwe ka kachinkhwe ka chipewa cha pepo, ndipo zimene anapeza anazifalitsa m'chaka cha 1970. Kale anthu ankati zinkhwezi zimangomwa timadzi. Awiriwa anaonetsa kuti lilime lija limagwiranso ntchito yosonkhanitsa mungu n'kuuumba kuti umezeke. Timadzi timapereka shuga, amene ndi mphamvu youlukira, pamene mungu uli ndi mapuloteni omanga thupi. Ndipo malonda ake ndi opindulira onse awiri. Mbalame ikalowetsa nkhope m'duwa, mungu umamatirira kunthenga za kumaso, n'kukautaya pa duwa la mtengo wina, mwina wa kutsidya kwa chigwa. Mtengo suyenda, koma mbewu yake imayenda ndi mapiko a kambalame.

Mbali yachiwiri ndi yokhazikika, ndipo ndi imene imandigwira mtima. Kambalame koyendayenda kameneka, pa nkhani ya chisa sikasamukasamuka. Sikaluka chisa panthambi. Kamaikira mazira m'mphako ya mtengo, pa fumbi la mtengo wofumbwa limene lili pansi pa mphakoyo. Kofiira kumaso kamaikira mazira oyera atatu mpaka asanu, kakakazi kamafungatira kwa masabata atatu, ndipo ana amatuluka m'mphako patapita masabata pafupifupi asanu ndi limodzi chiswereni.

Zambiri zimene tikudziwa za chisa cha kachinkhwe kofiira kumaso zinachokera ku khama la John Courtney, amene anatsata zisa za mbalamezi kumpoto kwa New South Wales kwa zaka zoposa 40. Zimene anaona anazilemba pamodzi ndi Stephen Debus m'chaka cha 2006. Taganizani, omvera, munthu kubwerera ku mitengo yomweyo chaka ndi chaka, kuyambira unyamata mpaka imvi. Popanda kupirira kotere, zimene nditi ndinenezi sizikanadziwika.

Anapeza kuti khomo la mphako limakhala laling'ono kwambiri, masentimita atatu okha, loti kambalame kamachita kudzipanikiza polowa. Khomo laling'ono chonchi limatsekereza mbalame zikuluzikulu ndi zilombo zodya mazira. Mphakoyo imakhala pamtunda wa mamita awiri mpaka 15 kuchokera pansi, kawirikawiri mumtengo wamoyo wa khungwa losalala. Tsono mtengo wamoyo umachira. Khungwa limamera kuti litseke bala. Ndiye eni chisa amakhala akuluma khungwa lomeralo ndi milomo yawo kuti khomo lisatsekeke, ndipo amabwerabe kudzaliona ngakhale si nyengo yoswa. Mphako ikasiyidwa, imatha kutsekeka pasanathe chaka ndi miyezi iwiri. Mtengo ukauma, mbalame kawirikawiri zimausiya pasanathe zaka ziwiri. Ndipo panali mphako ina imene inagwiritsidwa ntchito kwa zaka zosachepera 29. Sizikutanthauza kuti zinali mbalame zomwezo zaka zonsezo ayi. Ena akafa, ena ankalowa, khomo n'kumasamalidwabe.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Funso n'lakuti, mphako yotere imachokera kuti? Kuno kwathu tili ndi gogomole, mbalame ija imagogoda mtengo mpaka kuboola, ndipo mabowo ake amadzathandiza mbalame zina. Ku Australia kulibe gogomole ngakhale mmodzi. Mphako za kumeneko zimapangidwa ndi nthawi. Mphepo ithyole nthambi, kapena moto uwaule tsinde, pamenepo pakhala bala. Pabalapo palowe nkhungu yoolesa mtengo, kenako chiswe chidye mtima wa mtengo pang'onopang'ono, kufikira m'kati mutachita mphanga kunja kukadali kwamoyo. Pa mitundu yambiri ya bulugamu, ntchito imeneyi imatenga zaka zoposa 100 kuti mphako ikhale yoti chamoyo n'kugonamo, ndipo mphako zikuluzikulu zimafuna zaka 200 kapena kuposa. Akatswiri Philip Gibbons ndi David Lindenmayer, m'buku lawo la m'chaka cha 2002, anawerenga mitundu pafupifupi 300 ya mbalame, nyama, mileme, abuluzi ndi achule a ku Australia imene imagwiritsa ntchito mphako. Onsewo akulimbirana nyumba zimene palibe mmisiri angazimange msanga.

Apa ndiye pali vuto. Bulugamu mukadzala lero, pakapita zaka zochepa achita maluwa. Koma mphako adzakhala nayo zidzukulu za zidzukulu zanu zitabadwa. Chakudya chikhoza kubwezeretsedwa m'nthawi ya moyo wa munthu mmodzi, chisa ayi.

Azungu atafika ndi nkhosa, ng'ombe ndi tirigu, anayamba kuswa mphanje m'malo a chonde, m'zigwa ndi m'mbali mwa mitsinje. Mlimi aliyense angatero, pakuti palibe amene amasiya dambo n'kukalima pathanthwe. Koma nthaka yachondeyo ndi imenenso inkabereka mitengo ya maluwa ochuluka ndi timadzi tambiri. Nkhalango yotakasuka ya white box, yellow box ndi Blakely's red gum, imene kale inayala kuchokera kum'mwera kwa Queensland mpaka ku Victoria, inadulidwa kwambiri moti m'chaka cha 2006 boma la Australia linailemba m'gulu la malo achilengedwe amene ali pangozi yaikulu yotheratu. Nkhalango zambiri zimene zinasungidwa ngati malo otetezedwa zili kumapiri ndi kumiyala, kumene khasu linakana. Mitengo yake ndi yambiri, koma timadzi take n'tochepa.

Chotsalira m'malo achonde muja ndi mitengo ikuluikulu yoima payokhapayokha pakati pa mabusa a nkhosa, ndi timizere ta mitengo m'mbali mwa misewu ndi m'njira zakale zopitikitsira ziweto. Munthu wodutsa pagalimoto angaione ngati yopanda ntchito. Koma mtengo umodzi wakale wotere umachita maluwa ochuluka kuposa timitengo tambiri tatsopano, ndipo ndi umene uli ndi mphako. Tsoka lake, mitengo imeneyi ikukalamba n'kumagwa umodziumodzi, ndipo pansi pake palibe ana, chifukwa mphukira iliyonse ikangotuluka nkhosa zabudula. Ina imagwetsedwa pokuza misewu, ina pofuna kuti mathirakitala akuluakulu azitembenuka bwino, ina imathera ku nkhuni, poti mitengo ya box nkhuni zake zimayaka bwino ndipo zimagulidwa. Moto wolusa, monga uja unasakaza kum'mawa kwa dzikolo m'chilimwe cha 2019 mpaka 2020, umalowa m'mphako n'kugwetsa mtengo wonse. Boma la New South Wales linafika polemba kutha kwa mitengo ya mphako m'malamulo ake ngati chimodzi mwa zinthu zoopseza zamoyo, m'chaka cha 2007.

Mphako zotsalazo nazo zili ndi olimbirana nawo. Njuchi za uchi zimene tikuzidziwazi ku Australia zinachita kubwera ndi sitima kuchokera ku Ulaya m'chaka cha 1822. Zina zinathawa m'ming'oma n'kukakhazikika m'tchire, ndipo gulu la njuchi likalowa m'mphako, kambalame ka magalamu 40 sikangalimbane nalo. Njuchizo zimamwanso timadzi tomwe tija. Palinso mbalame ina ya komweko, noisy miner, yaukali, yokhala m'magulu, imene imakonda nkhalango zoduladula zopanda zitsamba pansi. Kudula mitengo kunaikonzera malo, ndiye inachuluka, ndipo imapirikitsa timbalame tating'ono pa mitengo ya maluwa. Ku Perth nako, chinkhwe chachikulu cha rainbow lorikeet, chimene kwawo ndi kum'mawa, chinamasulidwa ndi anthu m'zaka za m'ma 1960, ndipo lero chachuluka mpaka boma la Western Australia linachilemba kuti ndi mbalame yowononga. Chisanafike chimenechi, kachinkhwe ka chipewa cha pepo kanali kokha chinkhwe chodya maluwa m'dera lonse la kum'mwera chakumadzulo.

Tsono mukatsegula ndandanda wa bungwe la IUCN, limene limayeza kuopsezedwa kwa zamoyo padziko lonse, mupeza kuti tizinkhwe tiwiriti tili m'gulu la zosadetsa nkhawa kwenikweni. N'zoona kuti tikadalipo tambiri ndipo dera lake ndi lalikulu. Koma boma la New South Wales linaika kofiira kumaso m'gulu la zamoyo zosatetezeka m'chaka cha 2009, ndipo ine ndikuona kuti iwowa anayang'ana pamalo oyenera. Mbalame yoyendayenda imanyenga maso. Mtengo umodzi ukachita maluwa pakati pa dera louma, mbalame za dera lonse zimasonkhana pomwepo, woona n'kunena kuti zilipo zambiri. Zinkhwe zimakhalanso ndi moyo zaka zingapo ndithu, choncho zikuluzikulu zikhoza kumaonekabe m'mlengalenga pamene kuswana kunachepa kale. Amene akufuna kudziwa tsogolo la mbalamezi asawerenge zouluka zokha, awerengenso mphako zimene muli mazira. N'chifukwa chake ntchito ya munthu mmodzi woyendera mitengo yomweyo zaka 40 ndimailemekeza kuposa kalembera wa tsiku limodzi, ngakhale atachitika ndi anthu ambiri.

Wina afunsa kuti, popeza bulugamu ali ponseponse kuno, bwanji tizinkhweti kulibe? Mtengo unabwera ndi anthu ngati njere, mbalame inatsala kwawo, ndipo Australia inaletsa kugulitsa kunja mbalame zake zam'tchire kuyambira cha m'ma 1960. Maluwa a bulugamu wathu amadyedwa ndi njuchi ndi timbalame tathu ta milomo yaitali yopyapyala. Komabe tili ndi kachinkhwe kathu kobiriwira, kofiirira kumaso, kochepa pang'ono kuposa tija ta ku Australia. Dzina lake la sayansi ndi Agapornis lilianae, ndipo kuno ku Malawi kamapezeka ku Liwonde National Park, komanso kali ku chigwa cha Luangwa ku Zambia ndi m'chigwa cha Zambezi, mbali za Mozambique ndi Zimbabwe. Aka si ka gulu lodya maluwa. Chakudya chake chachikulu ndi njere za udzu, ndipo m'mphako kamatutiramo timitengo ndi makungwa n'kumanga chisa. Koma pogona ndi poswera pake ndi m'mphako za mitengo ikuluikulu ya tsanya, yomwe ija amaikonda ootcha makala ndi ocheka matabwa chifukwa cha kulimba kwake. Dr Tiwonge Mzumara-Gawa, katswiri wa mbalame wa kuno kwathu, anachita kafukufuku wake pa kambalame kameneka, ndipo anaonetsa mmene kamadalira tsanya wamkulu wokhwima. Tsanya naye amakula mochedwa kwambiri.

Tibwerere ku Australia, tione zimene akuyesa kuchita. Njira yodziwika kwambiri ndi yopachika mabokosi a matabwa m'mitengo kuti akhale ngati mphako. Amathandiza zamoyo zina, koma ali ndi zofooka zake. Bokosi limatentha kwambiri masana n'kuzizira usiku, pamene mphako ya mumtengo wamoyo imasunga kutentha kosasinthasintha. Limaola pakapita zaka zochepa, limafuna wolikonza, ndipo nthawi zambiri amene amalowamo ndi njuchi kapena mbalame zobwera, osati amene anawapangira. Chifukwa cha zimenezi, m'zaka zaposachedwapa akatswiri ena ayamba kuboola mphako m'mitengo yamoyo ndi macheka a injini, n'kutseka kutsogolo ndi thabwa la mtengo womwewo losiyidwa kakhomo kakang'ono. Atayeza anapeza kuti kutentha kwa m'mphako zoterezi kumayandikira kwa mphako zachilengedwe.

Koma ntchito imene ikuoneka kuti ili ndi phindu lokhalitsa ndi ya alimi eni ake. Ena mwa iwo, kudzera m'magulu a Landcare amene anayamba ku Victoria m'chaka cha 1986, amamanga mpanda kuzungulira mtengo wakale wa pakati pa busa kuti nkhosa zisafike patsinde. Akatero njere zogwa zimamera, ndipo mtengo wakalewo umapuma ku kupondedwa kwa mizu ndi ndowe zochuluka zimene zimaudwalitsa. Ena amapumitsa busa kwa miyezi ingapo kuti mphukira zikule kupitirira pakamwa pa chiweto. Mabungwe osamalira misewu m'madera ena amaika zikwangwani pa timizere ta mitengo ya m'mbali mwa msewu kuti ogwira ntchito asaigwetse, ndipo m'madera ambiri kutola nkhuni kumafuna chilolezo. Cholinga chake n'chakuti mitengo yakale ikhalebe chiimire kwa zaka zina makumi angapo, kufikira imene ikumera panopa itayamba kuchita mphako zake.

Nthawi yathu yathera pamenepa, omvera athu. Ngati muli ndi funso pa zimene takambazi, kapena mbalame ya kwanuko imene mukufuna tidzaikambe, tilembereni kuno ku wailesi.

[KANYIMBO KOTSEKERA]